Malamulo ogwiritsira ntchito masamba a mchezo

Malamulo ogwiritsira ntchito masamba a mchezo ndi mgwirizano umene munthu amavomereza potsegula akaunti pa Facebook, Instagram kapena TikTok. Poti amakhala ataliatali komanso ovuta kumva, ambiri amangovomera osawerenga. Potero amaloleza kampani kusunga nambala yawo ya foni, dera lomwe ali ndi zomwe amakonda kuonera, n'kumazigwiritsa ntchito powatsatsira malonda.

Mu Januwale 2021, WhatsApp, yomwe Facebook inagula mu 2014, inalamula anthu kuvomereza malamulo atsopano pofika pa 8 Febuluwale, apo ayi aleke kuigwiritsa ntchito. Poopa kuti zinsinsi zawo zizipita ku Facebook, ambiri anasamukira ku Signal ndi Telegram, mpaka kampaniyo inasuntha tsikuli kufika pa 15 Meyi.