Uphungu wa Banja pa Matenda Aakulu ku Salima

Uphungu wa banja pa matenda aakulu ndi thandizo limene mwamuna ndi mkazi amalandira limodzi, mmodzi wa iwo akagwidwa ndi matenda a mgonagona monga khansa, sitiroko kapena Edzi. Mphungu amakhala nawo onse awiri n'kukambirana za chakudya cha pakhomo, za kuchipinda, za ana, ndi za imfa ngati yayandikira.

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, monga Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, oyamba kuitanidwa ndi ankhoswe, kenako abusa kapena mashehe. Ankhoswe amatha kuyanjanitsa okangana, koma pa matenda aliyense amakonda kukokera kwa mbale wake. Mkamwini akafooka, akwawo amafuna kukamudwazikira kumudzi kwawo, mkazi n'kutsala ndi ana, mwinanso ndi mbiri yoti anamulodza. Msodzi akaleka kulowa m'nyanja, ndalama ya usipa imaima tsiku lomwelo, ndipo mkangano wambiri umayambira pamenepo.

M'zipatala, uphungu wa awiriawiri unakula ndi kachilombo ka HIV. Boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuchokera mu 2011 mayi woyembekezera aliyense wopezeka nako amayamba kumwa mankhwalawa moyo wake wonse. Kawirikawiri mkazi ndiye amayamba kudziwa, kusikelo, choncho aphungu amamuthandiza kuululira mwamuna wake, kapena amawayeza pamodzi. Mmodzi akapezeka nako wina ayi, amawafotokozera kuti zotere zimachitika, komanso kuti womwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachilombo kusaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana.

Kwa odwala matenda osachizika kuli Ndi Moyo, malo a chisamaliro chochepetsa ululu amene namwino Lucy Finch anatsegula ku Salima mu 2007. Chisamaliro chamtunduwu chimawerengera banja lonse, osati wodwala yekha. Mofini akaletsa ululu, anthu amatha kukhala pansi n'kulankhulana.

Woiwalika kwambiri ndi wodwazika, amene kuchipatala amatchedwa gadiyani. Amasambitsa, kuphika, kuchapa ndi kuchezera usiku, koma obwera kudzazonda amangofunsa za wodwala. Kumuonjezera malangizo akuti apirire sikokwanira. Mphungu wodziwa ntchito amamufunsanso iyeyo mmene wagonera, ndipo amauza achibale a mbali zonse ziwiri kuti azimulandirako.