Chingwe, ndowa ndi mjigo: zimene ndinaona ku Mulanje

Anzanga a kunyanja, ife tinakula madzi ali pakhomo, ndiye za chitsime sitizilabadira. Ine maso ananditseguka nditapita pa Chitakale kukagulitsa usipa wa bambo.

Agogo ena kumeneko anandionetsa chitsime chawo. Akuti kale ankangoponya ndowa n'kumakoka ndi manja. Chingwe chinkagwera m'matope, n'kubwerera m'madzi ndi uve wake. Kenako anagoneka mtengo pa mphanda ziwiri, n'kuika chogwirira kumapeto. Ukapukusa, chingwe chimakulungika pamtengopo, ndowa n'kukwera osakhudza dothi. Ngakhale mwana amatunga.

Zamakono zinabwera pambuyo. Mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, anthu anakumba okha ngalande za mapaipi otsitsa madzi kuphiri popanda injini, Mulanje n'kutengera. M'ma 1980 ku Livulezi, ku Ntcheu, kunayesedwa mjigo wa Maldev, kholo la Afridev amene timapopa leroyu.

Koma mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola mapaipi ambiri m'phiri muja. Mipopi itauma, agogowo anakapa chitsime, kuthira klorini, kugula chingwe chatsopano, basi mudzi n'kumamwa.

Ife kolera ya 2022 ija inatigoneka m'masiwa. Komabe mjigo ukafa timathamangira m'nyanja momwe timachapiramo, kudikira mabungwe adzatikonzere. Amwene, anthu osema bwato ndi kusoka ukonde, mtengo wopukusa ungatikanike?

Tumizani kwa a komiti ya mjigo kwanuko.