Sitediyamu

Mawu akuti sitediyamu, amene m'Chichewa amamasuliridwa kuti bwalo la zamasewero, anachokera ku Chigiriki, m'mene "stadion" linali dzina la muyeso wa mtunda wokwana mapazi 600, umene ku Olympia unkafika pafupifupi mamita 192. Popeza mpikisano wakale kwambiri wa liwiro unkachitika pa mtunda umenewu, dzina la muyeso linasanduka dzina la mpikisanowo, kenaka linafalikira ku malo amene anthu ankasonkhana kudzaonerera. Aroma analilowetsa m'Chilatini monga "stadium", ndipo Afalansa amati "stade", monga zikumvekera m'dzina la Stade de France, bwalo lalikulu la dziko la France lomwe lili ku Saint-Denis, kumpoto kwa Paris.

Bwaloli, lomwe linatsegulidwa mu 1998 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 80,000, likusonyeza mmene tanthauzo lakulira, pakuti ndime yomaliza ya chikho cha mpira wamiyendo cha dziko lonse cha 1998 inaseweredwa momwemo, chimodzimodzinso ya chikho cha ragibe cha dziko lonse mu 2007 ndi 2023. Liwiro, lomwe ndi mwini dzina, limachita kupempha malo: mipando ya m'munsi imakankhidwira kumbuyo kuti njira yothamangamo ya mamita 400 ionekere.

Mawu akuti bwalo ndi otambalala kuposa apa, chifukwa amatchulanso pabwalo pamene mfumu imazengera milandu ndi pamene gule amavinidwira, n'chifukwa chake olemba amawonjezera kuti "la zamasewero" pofuna kusiyanitsa.