Mapuloteni a munthu opangidwa m'labotale ku Durban

Mapuloteni a munthu opangidwa m'labotale ndi aja amene asayansi sawatenga m'magazi kapena m'chiwalo cha munthu. Amatenga kachidutswa ka DNA ya munthu n'kukalowetsa m'selo lina, kaya la bakiteriya wa E. coli, la yisiti kapena la nyama. Seloli limayamba kutulutsa puloteni ya munthuyo, ndipo ikachuluka amaisefa. Ku Durban mapuloteniwa amagwiritsidwa ntchito kwambiri pofufuza za HIV ndi chifuwa chachikulu.

Mbiri yake

Mu 1973 Stanley Cohen ndi Herbert Boyer a ku California adasonyeza kuti DNA yochokera kwina ikhoza kulowetsedwa mu bakiteriya n'kumachulukana momwemo. Mu 1978 kampani ya Genentech idapanga insulin ya munthu mwa njira imeneyi, ndipo mu 1982 idaloledwa kugulitsidwa ku America pa dzina la Humulin. Kale odwala shuga ankabayidwa insulin yochokera ku nkhumba ndi ng'ombe.

Ku Durban ntchitoyi idakula limodzi ndi kafukufuku wa Edzi. Bungwe la CAPRISA lidakhazikitsidwa mu 2002 motsogozedwa ndi Salim Abdool Karim. La K-RITH lidayamba mu 2009, ndipo mu 2016 lidaphatikizana ndi Africa Centre ya ku Somkhele n'kukhala Africa Health Research Institute. CAPRISA ndi Africa Health Research Institute ali ndi malabotale pa sukulu ya madokotala ya Nelson R. Mandela, ya University of KwaZulu-Natal.

Kasungidwe

Puloteni ikawonongeka sinunkha ndipo kawirikawiri sisintha maonekedwe, imangoleka kugwira ntchito. Yambiri yogula kunja imafika ili ufa wouma pansi pa kabotolo, wochepa moti diso silingauone bwino. Asanatsegule, asayansi amayamba azunguza kabotoloko pa makina kuti ufa wonse utsikire pansi, kenaka amathiramo madzi oyera osakakhutchumula. Akasungunula amagawa m'timachubu ting'onoting'ono n'kuika mufiriji ya madigiri -20 kapena -80, chifukwa kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaipha mphamvu. Ikasukuluka kwambiri imamatirira kukhoma la kachubu, n'chifukwa chake amawonjezeramo albumin pang'ono. Mumzinda wotentha ngati Durban, komanso m'zaka za kuzimazima kwa magetsi, mafirijiwa amadalira jenereta ndi alamu.

CAP256

Puloteni yodziwika kwambiri yochokera ku KwaZulu-Natal ndi antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi, yotchedwa CAP256-VRC26.25, ndipo dzina lakelo likusunga mbiri yonse. CAP256 ndi nambala ya mayi wina amene adalowa m'kafukufuku wa CAPRISA wa anthu ongotenga kumene HIV. Dzina lake lenileni sililembedwa. VRC ndi Vaccine Research Center ya ku America, 26 ndi banja la ma antibody ake, ndipo 25 ndi mmodzi wa m'banjamo.

Mayiyu adatenga kachilombo kawiri: patangopita miyezi yochepa atatenga koyamba, adatenganso HIV ina yosiyana ndi yoyambayo. Chitetezo cha m'thupi mwake chinkathamangitsana ndi kachilombo komwe kankasinthasintha, mpaka chidatulukira ma antibody okhala ndi mkono wautali wotha kupyola shuga amene amaphimba kachilomboko. Magazi ake ankatengedwa kawirikawiri n'kusungidwa mozizira kwa zaka, ndipo ndi kusunga bwino kumeneku komwe kudathandiza ofufuza kubwerera m'mbuyo n'kuona mmene zidayambira. Lynn Morris ndi Penny Moore a ku Johannesburg pamodzi ndi anzawo a ku America adafalitsa zimenezi m'magazini ya Nature mu 2014. Adatenga DNA m'maselo ake a mtundu wa B n'kuilowetsa m'maselo olera m'labotale, motero antibody ya mayi mmodziyu tsopano imapangidwa popanda kumutenganso magazi. Imagwira mwamphamvu zedi HIV ya mtundu wa C, womwenso ndi wofala ku Malawi ndi ku Zambia.

Antibody imeneyi idasinthidwa pang'ono kuti izikhalitsa m'thupi, n'kutchedwa CAP256V2LS, ndipo idayesedwa kwa amayi a ku Durban opanda kachilombo m'kafukufuku wa CAPRISA 012B. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2023 zidasonyeza kuti sivulaza.