Bishopu Weston wa ku Zanzibar ndi Anzeru a ku Oxford

Aphunzitsi ambiri amadziwa dzina la Bishopu John Hine, amene anayamba nchito ya U.M.C.A. m'dziko lathu lino mu 1910. Koma ndi owerengeka okha amene anamva za munthu amene analowa m'malo mwace ku Zanzibar mu 1908, ndiye Frank Weston. Iyeyu tiyenera kumdziwa, pakuti asanakhale bishopu anali mnzathu wa pa nchito: kuyambira 1901 anali mkuru wa sukulu ya aphunzitsi ya St Andrew ku Kiungani, imene inayamba ndi anyamata oomboledwa ku ukapolo.

Ali pakati pa nchito zace za ku Zanzibar analemba buku lochedwa The One Christ, limene linaturuka mu 1907. Funso lace ndi lomwe lija mwana wocenjera amafunsa m'kalasi, mphunzitsi nasowa poyambira: ngati Yesu ndiye Mulungu, anakula bwanji m'nzeru? Ananena bwanji kuti tsiku lomariza salidziwa? Ena a nthawi imeneyo anati Mwana wa Mulungu pobadwa anasiya zina za Umulungu wace. Weston anakana. Anati sanataye kanthu ai, koma anadziletsa mwini yekha, nalola kudziwa ndi kucita monga momwe umunthu wace ukanathera pa msinkhu uli wonse, pa ukhanda monga khanda, pa ukulu monga wamkulu. Tingayerekeze ndi mphunzitsi wolankhula ndi ana a kalasi loyamba m'mau ao; koma fanizo ili lipelewera, cifukwa mphunzitsi akaweruka abwerera ku mabuku ace, pamene Ambuye umunthu wao sanauvule konse.

Mu 1912 ophunzira asanu ndi awiri a ku Oxford anaturutsa buku lochedwa Foundations, lofuna kugwirizanitsa cikhulupiriro ndi maganizo a makono. Mmodzi wa iwo, B. H. Streeter, anakayika za manda opanda mtembo, nayesa kuti ophunzira anaona Ambuye m'masomphenya ocokera kwa Mulungu. Tisamnamizire: sanakane Kristu. Anafuna kuthandiza anyamata ophunzira sayansi amene zozizwitsa zinawakhumudwitsa. Koma Weston anayang'ana nkhaniyi ali pa cisumbu ca Asilamu, amene alemekeza Yesu monga mneneri, nakana kuti ndiye Mwana wa Mulungu. Anadziwa kuti mphunzitsi wace wa kumudzi, wokangana ndi mwalimu pabwalo, adzauzidwa kuti, ngakhale akuru ako a ku England akayika. Nanga adzayankha ciani? Cifukwa cace mu 1913 analemba kalata yoonekera kwa onse, yofunsa cimene Mpingo wa England uimira. Ndipo mu 1915, pamene Bishopu wa ku Hereford anapatsa Streeter mpando wa ulemu m'chalichi cace cacikuru, Weston analengeza kuti alibenso ciyanjano ndi bishopuyo. Ambiri ku England anaseka, ndipo ine ndiyesa kuti apa anapitirira muyeso. Anali munthu wa mtima wapacala.

Koma oseka aja sanaone kumene ciphunzitso cace cinamfikitsa. Ngati Mulungu anatenga thupi lenileni, lomva njala ndi mkwapulo, pamenepo thupi la mtengatenga siliri cabe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Weston anatsogolera yekha gulu la amtengatenga a ku Zanzibar, nayenda nao, kuti asazunzidwe. Pambuyo pace analemba zotsutsa nkhanza za Ajeremani pa anthu akuda, ndipo Angerezi anakondwera. Koma mu 1920, ataona kuti boma la Angerezi lomwe likakamiza anthu a ku Kenya kukagwira nchito m'minda ya Azungu, analemba kabuku kena, The Serfs of Great Britain, ndipo cikondwerero cija cinatha. Iye ndi atsogoleri ena a mipingo anaumirira, kufikira mu 1921 boma la ku London linaletsa akuru a boma kusonkhanitsira eni minda anchito.

Mu 1923, pa msonkhano waukuru ku London, anauza khamu la opembedza kuti kugwadira Yesu pa guwa kulibe phindu ngati samfunafuna mwa aumphawi ndi ausiwa. Anabwerera ku Africa, namwalira ku Hegongo, pafupi ndi Magila, pa 2 November 1924, ali ndi zaka 53.