Chilonda Chakuda cha Odwala Khansa ya M'magazi

Mu 1948, dokotala Sidney Farber wa ku Boston anasonyeza kuti mankhwala otchedwa aminopterin angathe kubweza khansa ya m'magazi mwa ana, ngakhale kwa miyezi yochepa chabe. Tsoka lake, mankhwala amphamvu amene anabwera pambuyo pake ankaphanso maselo oyera, asilikali a m'thupi, ndipo wodwala ankatsala pambalambanda.

Apa ndi pamene tizilombo ta Pseudomonas aeruginosa, tokonda malo a chinyezi ngati masinki a m'chipatala, tinkalowa m'magazi. Pakhungu pankatuluka kabanga kofiira, kawirikawiri m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndipo pasanapite nthawi kankasanduka chilonda chakuda pakati, mnofu utafa. Madokotala amachitcha ecthyma gangrenosum. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri ankamwalira khansa ikugonja, zotsatira za ku labotale zisanatuluke n'komwe.

Mu 1966, Gerald Bodey ndi anzake anatsimikiza kuti maselo oyerawa akamatsika, ngozi ya matenda imakwera. Koma ine amene ndimam'vulira chipewa ndi Stephen Schimpff wa ku Baltimore. Mu 1971 anasonyeza kuti wodwala wotere akangotentha thupi azipatsidwa mankhwala opha tizilombo otchedwa carbenicillin ndi gentamicin nthawi yomweyo, osadikira kudziwa dzina la kachilombo. Panafunika kulimba mtima, pakuti madokotala anazolowera kupeza kaye matenda asanapereke mankhwala.

Mankhwala anasintha, koma lamulolo lidakalipo. Ngati mbale wanu ali pa mankhwala a khansa (chemotherapy) ndipo watentha thupi kapena watuluka banga lachilendo, musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala.