Ndani Anamanga Sukulu za ku Kafue?

Aphunzitsi ndi inu ana asukulu, lero tiyeni tipite ku Kafue, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje waukulu kumwera kwa Lusaka. Paulendowu tinyamule funso limodzi: kodi chipinda chimene mumaphunziriramo anamanga ndani, ndipo ndalama zake zinachokera kuti? Mbiri ya Kafue itithandiza kuyankha, pakuti kumeneko sukulu ndi fakitale zakhala moyandikana kwa zaka zambiri.

Chimene chinayambitsa tauniyi ndi njanji. M'chaka cha 1906 anamanga mlatho wautali wachitsulo pamtsinje wa Kafue kuti sitima yochokera ku Livingstone ifike ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa, imene mtima wake unali pa miyala ya m'migodi. Za maphunziro a ana a Chifirika inasiyira amishoni.

Motero m'chaka cha 1918 mbusa wa mpingo wa Primitive Methodist, John Fell, anatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi kunja pang'ono kwa tauni, yotchedwa Kafue Training Institute. Ndalama zake zinachokera kwa Akhristu a ku Mangalande. Anyamata a pasukulupo ankaphunzira kuwerenga ndi masamu, komanso ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba. Mmodzi wa iwo anali Harry Mwaanga Nkumbula, amene pambuyo pake anatsogolera chipani cha African National Congress. Sukuluyo ndiyo Kafue Boys Secondary School, imene ili m'manja mwa mpingo wa United Church of Zambia.

Chaka cha 1924 muchikumbukire. Ndi chaka chimene kampani ija inapereka dziko ku boma la Britain, ndiponso ndi chaka chimene amishoni a mipingo yosiyanasiyana anasonkhana ku Kafue nakumana ndi nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America, zimene zinkayendera sukulu za mu Afirika. Nthumwizo zinalangiza kuti boma lizithandiza sukulu za mishoni ndi ndalama, ndi kuti ana aziphunzira zaulimi ndi zaukhondo. Chaka chotsatira boma linakhazikitsa ofesi yoyang'anira maphunziro a Afirika, mkulu wake G. C. Latham. Koma thandizolo linayamba mochepa zedi, pakuti m'chaka choyambacho boma linaononga mapaundi 348 okha pamaphunziro a Afirika m'dziko lonse. Ndipo ngakhale ulimi ndi ukhondo ndi maphunziro abwino, makolo ambiri anaona kuti ana ao akuwatsekera pakhasu. Kalasi yoyamba ya sekondale pasukulu ya Munali ku Lusaka inayamba mochedwa, mu 1939. Nchifukwa chake pofika tsiku la ufulu mu 1964, anthu a dziko lino amene anali ndi digiri ya kuyunivesite anali pafupifupi 100 chabe.

Tsono taganizirani chimene chinachitika. Mu 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, dziko limene katundu wathu wambiri ankachokera kapena kudzera. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linatsimikiza zomanga mafakitale athuathu, ndipo Kafue inasankhidwa chifukwa inali ndi madzi, njanji ndi mseu waukulu, komanso mphamvu ya magetsi imene inkamangidwa ku Kafue Gorge. Panadzuka fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, yoomba thonje la alimi athu. Panadzukanso Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inamangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel niyamba ntchito mu 1970. Antchito anawamangira nyumba ku Kafue Estates. Zonsezi zinatheka ndi ndalama za mkuwa.

Ntchito ya fakitale yachiwiriyi njodabwitsa, ndipo ndikufuna muimvetse. Mumpweya umene tikupumawu, pafupifupi magawo anai mwa asanu ndi nayitrojeni, chakudya chimene chimanga chimafuna koposa. Koma chimanga sichingathe kudya nayitrojeni ali mumpweya. Ku Kafue ankatenga malasha a ku Maamba ndi nthunzi ya madzi kuti apeze mpweya wina wotchedwa hayidirojeni, nauphatikiza ndi nayitrojeni m'makina otentha ndi opanikiza kwambiri. Chotuluka chake ndi amoniya, ndipo kuchokera ku amoniyayo ankapanga feteleza wa m'minda ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi. Njira yophatikizayi anaitulukira Fritz Haber wa ku Germany mu 1909.

Makina mungagule kunja ndi kuwaimika m'zaka zitatu, koma munthu wodziwa kuwayendetsa amatenga zaka zoposa khumi ndi zisanu, kuyambira giredi 1. Poyamba akatswiri ambiri a m'mafakitale anali alendo. Boma linathamanga nalo vutoli: linatsegula Yunivesite ya Zambia mu 1966, linamanga masekondale m'maboma, ndipo m'masukulu munayamba timagulu ta JETS ta ana okonda sayansi.

Liwirolo silinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo thumba la boma linayamba kuphwa. Pang'ono ndi pang'ono katundu womanga ndi kukonza sukulu anagwera makolo, amene ankasonkha ndalama kudzera m'mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, ena kuumba njerwa ndi kututa mchenga. Mafakitale naonso anafooka. Kafue Textiles inatsekedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo ku fakitale ya feteleza makina ambiri anaima. Bambo wochotsedwa ntchito sangasonkhe ndalama za denga la sukulu. Ndipo pamene ndalama zachepa, choyamba kuiwalika ndi zipangizo za sayansi, chifukwa denga lodontha aliyense amaliona, koma kabati yopanda kanthu saiona.

Mu 2002 boma linachotsa malipiro kuyambira giredi 1 mpaka 7, ndipo mu 2022 linawachotsa mpaka kusekondale. M'chaka chomwecho thumba lachitukuko la dera la phungu aliyense, CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Zopempha za ndalamazi zimayambira kwa anthu eni ake, m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Apa ndiye aphunzitsi muli ndi mau. Pamsonkhano ambiri adzatchula madesiki ndi zimbudzi, ndipo adzakhala akunena zoona. Mukapanda kutchula inu za chipinda cha sayansi, sindikhulupirira kuti wina adzachitchula.

Koma musadikire chipindacho. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nyengo ya dzinja zulani phata limodzi la mtedza kapena nyemba, mutsuke mizu yake, ana aone timikanda tokakamira kumizuko. Dulani kamodzi ndi lumo, ndipo mudzaona kuti m'kati mwake ndi mofiirira. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakoka nayitrojeni mumpweya ndi kuupereka kwa mbewu, ntchito yomwe ija imene ku Kafue inkafuna malasha a ku Maamba ndi makina a ku Japan. Kenaka ana ajambule mizuyo m'makope ao, nakafunse agogo kunyumba chifukwa chake chimanga chimakondwa m'munda umene munali mtedza chaka chatha.